Ulendo wa ku Mkaika ndi Azungu a Lakisoni

Ine ndine telala. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa ku Holande kuli anthu amene analandira chithunzi changa pafoni atauzidwa kuti ndine mlosi wa mvula, ndipo sindikudziwa ngati onse anauzidwanso kuti zinali zabodza.

Dzina langa ndi Gilibati Mbewe. Ndimasoka pakhonde la sitolo ina pamsika wa Vubwi. Ndili mnyamata ndinagwirapo ntchito pafakitale yosoka mayunifolomu ku Kitwe, kotero Chingerezi ndimachimva bwino, kungoti poyankhula chimatuluka chokhotakhota ngati msoko wa wophunzira.

Chaka chimenecho, mwambo wa Kulamba utayandikira, ndinasoka malaya ambiri a chitenje oti ndikagulitse ku Mkaika. Chimene chinkandisowetsa mtendere chinali mayendedwe. Nyengo ya Kulamba galimoto iliyonse yochoka ku Vubwi imapakiridwa ngati belo la thonje, ndipo munthu wa katundu amamuyang'ana ngati mdani. Ndili mkati moganiza, foni inalira. Anali Lakisoni, mwana wa mlongo wanga Estere, amene anali atangoyamba ntchito ku Lusaka pakampani ina yoyendetsa alendo odzaona dziko.

"Amalume, mwayi wanu," anatero. "Ndikubwera ndi alendo awiri ochokera kunja. Akufuna kuona mudzi weniweni, kenaka tonse tipite ku Mkaika. Mukwera ulere, pampando wofewa, katundu wanu yense m'mbuyo."

"Zaulere za iwe ndimazidziwa. Nena chimene ukufuna."

"Kanthu kakang'ono, amalume. Mukhale mkulu wosunga zinsinsi za makolo."

Ndinachotsa foni kukhutu n'kuiyang'ana. Lakisoni anafotokoza kuti kampani yawo inalonjeza alendowo kuti adzayenda ndi nkhalamba yodziwa za makolo. Nkhalamba imene inkagwira ntchitoyo inali itatengedwa ndi mwana wake kupita ku Chipata kukachotsa ng'ala m'maso. Alendo akadandaula, iye ntchito yatha, pakuti anali akadali pa miyezi yoyesedwa, ndipo mkazi wake anali woyembekezera.

Ndinakana. Madzulo ake Estere anafika kunyumba kwanga, n'kukhala pansi pafupi ndi chitseko.

"Achimwene," anatero mofatsa, "mwanayu akachotsedwa ntchito abwera kuno ndi mkazi wake ndi khanda. Mwini mbumba ndinu. Muwakonzere malo."

Ndinavomera nthawi yomweyo.

Tsiku loti alendo afika mawa, tinagwira ntchito yosandutsa mudzi wathu kuti ukhale mudzi weniweni. Lakisoni ankalamula pafoni. Sola ya Estere tinaitsitsa padenga n'kuiphimba ndi mapesi. Mipando yapulasitiki tinaitsekera m'bafa. Ndiye panafunika mtondo, chifukwa alendo analonjezedwa kuti adzaona amayi akusinja. Mudzi wonse umapita kuchigayo. Mtondo umodzi umene tinaupeza unali kwa anansi, nkhuku ikuikiramo mazira, ndipo sinachokemo mwamtendere.

Anafika m'mawa pagalimoto yoyera yaitali. Woyamba kutsika anali Lakisoni, atavala kabudula ndi malaya a matumba ambirimbiri, ngati munthu wosamuka wopanda sutikesi. Kenaka anatsika aPita, bambo wamtali wa ndevu zoyera, ndi akazi awo aMarita, mayi wa nkhope yokoma mtima amene kamera inali lende pakhosi. Woyendetsa anali Mubemba wina dzina lake Mwansa.

Ine ndinali nditavala jekete yanga ya Lamulungu, tayi ndi nsapato zopolisha, monga munthu wolandira alendo. Lakisoni atandiona anatuwa. Anandikokera kuseri kwa nkhokwe alendo asanandione bwino.

"Amalume, mwavala ngati mukupita kukapempha loni. Vulani."

Anandivula jekete, tayi ndi nsapato, n'kundikoleka nsalu yakuda paphewa. Kenaka anatulutsa m'chikwama chikopa cha mawangamawanga chovala kumutu, ndi mchira wa ng'ombe woti ndizigwira m'manja.

"Ichi n'cha Angoni," ndinatero.

"Iwo sadziwa."

"Ine ndikudziwa. Ndipo kumene tikupitako kukasonkhana Achewa a maiko atatu."

"Mukavula tisanalowe mu Katete. China, amalume, Chingerezi musayankhule. Mkulu wa makolo sadziwa Chingerezi."

Estere anasinja. Panali patapita zaka osagwira munsi, ndipo chimanga chinkathawa mumtondo kuposa chimene chinkasweka, nkhuku zikuthokoza. AMarita ankajambula akumwetulira. Zinthu zikanatha bwino, koma foni ya Estere inalira m'bulauzi mwake, nyimbo ya kwaya, mokweza. Lakisoni anayamba kutsokomola kuti aiphimbe. Anatsokomola mpaka nyimbo yonse inatha, kolasi yomwe, ndipo aMarita anamupatsa mankhwala a chifuwa.

Tinanyamuka dzuwa litakwera pang'ono, kulowera ku Chadiza. Msewu umenewo ndauyenda moyo wanga wonse, koma sindinkadziwa kuti uli ndi zinthu zambiri zoimira. Tinaima pa ngolo ya ng'ombe. Tinaima pa chulu. Tinaima pa anyamata ogulitsa mbewa zopanidwa pa timitengo, aPita akujambula chogwada, Mwansa akundikodola.

"Ba mudala, tigule lanchi yanu?"

"Yendetsa galimoto, wodya anyani iwe," ndinamuyankha monong'ona. Ndi mmene timachezera ndi Abemba.

Pamjigo wina tinakumana ndi mayi atamangirira chidebe cha madzi panjinga. AMarita anapempha kuti mayiyo asenze chidebecho pamutu, chithunzi chioneke bwino. Mayiyo anatiyang'ana tonse, kenaka anayang'ana Lakisoni.

"Iwenso? Chaka chatha kunabwera anzako ndi azungu ena, ndinasenza chidebe chomwechi, kutula, kusenzanso, mpaka khosi linauma. Njinga ndinagula kuti ndipume. Ngati akufuna mutu wanga alipire."

Analipira. Mayiyo anasenza, anamwetulira, kamera italira anatula msanga n'kukwera njinga yake. Pamenepo ana anali atazungulira galimoto, manja m'mwamba, akukuwa kuti switi, switi. Wina mwa iwo ndinamuzindikira, mdzukulu wa mnzanga wa kutchalitchi, mwana amene masiku onse amandipatsa moni wa ulemu. Tsiku limenelo sanandione n'komwe. Maso ake anali m'matumba mwa aPita. Sindinaseke.

Ntchito yanga inali kukhala pampando wapakati, kugwedeza mchira wa ng'ombe, ndi kuyankha mafunso kudzera mwa Lakisoni. Tikuwoloka kamlatho kena, galimoto inagwera m'dzenje, ine n'kubuula kuti, "Mayo, msana wanga! Msewu uno udzatipha."

"Akuti chiyani?" anafunsa aMarita m'Chingerezi.

"Akupereka moni kwa mizimu ya mumtsinje uno," anayankha Lakisoni osaphethira.

AMarita anaweramitsa mutu mwaulemu mpaka tinawoloka.

Kenaka anafunsa kuti mvula idzayamba liti chaka chino.

"Uwauze amvere wailesi ngati tonsefe," ndinatero.

"Akuti mphepo yawanong'oneza kuti mvula ili panjira, koma dzina la tsiku silitchulidwa kwa alendo."

Pamenepo m'pamene anandijambula chithunzi chimene chinapita ku Holande chija. Ndinamutsina Lakisoni pantchafu, iye n'kumwetulira ngati munthu wodalitsidwa.

Chimene chinandiwawa kwambiri chinali cha mapazi. APita anawayang'ana kwa nthawi, kenaka anauza Lakisoni kuti n'zodabwitsa kuona mapazi amene sanalowepo mu nsapato chibadwire. Mapazi anga, amene ali ndi zipsera za nsapato zothina za ku Kitwe, amene m'mawa womwewo anali atalasidwa ndi minga kawiri pakati pa nkhokwe ndi galimoto! Ndinatsegula pakamwa, Lakisoni n'kundiyang'ana ndi maso a munthu amene mkazi wake ndi woyembekezera. Ndinatseka.

Pa Chadiza tinangomwa zoziziritsa kukhosi, ine ndili m'galimoto nditaweramira pansi kuopa anthu ondidziwa. Tinatenga msewu wa ku Katete. Titayenda ndithu, kutsogolo kwa galimoto kunamveka phokoso ngati munthu wamenya chikwapu, kenaka nthunzi inayamba kufuka. Mwansa anaimika pansi pa mtengo wa mango, anatsegula, anayang'ana, anaimba mluzu wautali.

"Lamba wa injini waduka."

Wina wapadera analibe. Anaimitsa njinga yamoto n'kubwerera ku Chadiza kukasaka, atatilonjeza kuti sachedwa. Mawu amenewo ndawamva kwa madalaivala ambiri, ndipo inenso ndimawanena kwa eni mathalauza.

Tinadikira. Poyamba pamalopo panali ife, mango ndi mbuzi imodzi. Sindikudziwa kuti uthenga unayenda bwanji, koma mthunzi usanasunthe kwenikweni panali pataima msika. Kunabwera nthochi, mtedza wokazinga, mphasa, ndi tambala amene mwini wake ankati ndi wa mtundu wa makolo. Mnyamata wina anabwera ndi khasu, osati kudzagulitsa, koma kudzafunsa kuti kujambulidwa akulima n'zingati, ngakhale kuti unali mwezi wa fumbi ndipo nthaka inali gwa ngati simenti. Mayi wina anatuma mwana kuti akatenge mtondo. Ndinazindikira kuti si ife tokha amene tinali titaphunzira ntchitoyi.

Ndiye pakati pa gululo panatuluka bambo wina wa chipewa chofiira. Anandiyang'ana kumaso, anayang'ana chikopa, anayang'ananso kumaso.

"Inu si aMbewe, atelala a pa Vubwi?"

Ndinagwedeza mchira wa ng'ombe n'kuyang'ana kumapiri.

"Ndinu ndithu! Thalauza langa lija ndinasiya mwezi wa Epulo, zipi munaika? Ndabwera kawiri konse osakupezani. Kani mwayamba ufumu wa Angoni?"

Anthu anafa nacho chiseko. AMarita anafunsa kuti bamboyo akufuna chiyani.

"Akupempha madalitso," anatero Lakisoni.

"Lachisanu," ndinanong'oneza bambo uja, ndikumuyendetsa mchira pamutu. "Mubwere Lachisanu, mulipeza."

Dzuwa linafika pamutu n'kuyamba kupendeka. Madzi a alendo anatha. APita analeka kujambula, anakhala pa muzu wa mango akuyang'ana wotchi. Mwansa foni sankayankha. Anthu a msika aja anayamba kuchoka m'modzim'modzi, onse kulowera mbali imodzi, ndipo posakhalitsa kuchokera mbali imeneyo kunamveka nyimbo. Anali mawu a amayi ambiri, otsika, okoka pang'onopang'ono. Nditayang'ana kutsogolo ndinaona masamba aawisi atayalidwa mopingasa msewu, ndi munthu wina akutsika panjinga kuti adutse choyenda.

AMarita anadzuka nkhope itawala. "Kwaya! Tingapite?" Kamera inali kale m'manja.

Lakisoni ankadziwa bwino chimene masamba aja ankatanthauza. Anabadwira kuno. Anandiyandikira.

"Amalume, angojambula chapatali. Atopa, akwiya. Akapanda kuona kanthu lero akalemba zoipa, ine basi."

"Ndi maliro, Lakisoni."

"Ndikudziwa. Ndiwauza kuti ndi nyimbo zokolola."

Ndinamuyang'ana mwana wa mlongo wanga, amene ndinamunyamula pa maliro a bambo ake ali wamng'ono. Zonse zinazo ndinapirira, chikopa, minga, mizimu ya mumtsinje. Koma kumeneko kunali mayi wina amene mwamuna wake anali m'bokosi. Ndinavula chikopa chija n'kuchiika pa bonati ya galimoto. Ndinatembenukira kwa aMarita n'kunena m'Chingerezi changa chokhotacho kuti, "Mayi, ikani kamera m'chikwama. Uko kwafa munthu."

Onse ananditembenukira. Ngakhale mbuzi ija inaleka kutafuna.

"Mumayankhula Chingerezi?" anafunsa aPita.

"Ndimayankhula. Ndimasokanso. Kabudula wanuyo wang'ambika kumbuyo kuyambira pakamlatho paja, ndakhala ndikufuna kukuuzani."

APita anagwira kumbuyo. Lakisoni anakhala pansi pafumbi, mutu m'manja. AMarita sanaseke. Nkhope yawo inafiira, ndipo anafunsa Lakisoni kuti china chabodza n'chiyani. Mnyamata anaulula zonse, mtondo, sola, mipando m'bafa, mvula. Atafika pa mizimu ya mumtsinje aMarita anatseka maso.

"Ndinaweramitsa mutu," anatero.

"Munaweramira msana wanga, mayi. Zikomo, unamvako bwino."

Sizinathandize. Ananena kuti anasunga ndalama nthawi yaitali kuti adzaone moyo weniweni wa anthu, osati sewero, ndipo adzauza kampani zonse. Ine ndinatsegula galimoto, ndinatulutsa m'katundu jekete, tayi ndi nsapato zanga n'kuvala, ndipo nditaimirira ngati munthu ndinati, "Mwanayu walakwa, inenso ndamuthandiza kulakwa. Koma kuno kwathu, ukaima pafupi ndi mudzi wa maliro, sukhala pamsewu kumangomvera. Umapita kukakhala nawo pansi. Ine ndikupita. Mukafuna tiyeni, koma kamera itsale."

Anayang'anana. AMarita anavula kamera pakhosi n'kuitsekera m'galimoto.

Sakanapita mmene analili. AMarita ndinawamanga chitenje chochokera m'katundu wanga. APita ndinawabwereka thalauza langa losinthira, limene linathera pakati pa msongolo, kotero ankaoneka ngati munthu wokonzeka kuwoloka mtsinje.

Womwalirayo anali bambo wachikulire wokonza njinga. Amayi anatenga aMarita n'kulowa nawo m'nyumba ya siwa. Ife amuna tinakhala pansi pa mtengo, ndipo ndinapereka chipepeso m'dzina la tonse. Sitinakhale nthawi. Kunabwera adzukulu, anyamata okumba manda, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Anali atakumana ndi thanthwe, ndipo n'chifukwa chake mwambo unachedwa. Anthu amenewa pamaliro saopa munthu. Mkulu wawo anaima patsogolo pa aPita, n'kuwayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, ulendo wautali ndithu.

"Uyu ndiye tikumufuna. Akalowa m'dzenje mutu osaoneka, tidziwa kuti lakwana."

Ndinamasulira ndendende, chifukwa tsopano womasulira ndinali ine. APita anaganiza pang'ono, n'kuimirira. Adzukuluwo anamutenganso Lakisoni, atamulipiritsa chindapusa chobwera pamaliro ndi kabudula. Anamusecha thumba lililonse, ndipo popeza matumba anali ambiri, ntchitoyo inatenga nthawi. Anapezamo maswiti, mabatire, ndi mankhwala a chifuwa.

Kumandako aPita anapatsidwa piki. Kumenya koyamba anaphonya thanthwe n'kutsala pang'ono kudula phazi lawo. Adzukulu anawaombera m'manja. Kachiwiri anamenya bwino. Anakumba mpaka malaya ananyowa, manja anatuluka matuza, ndipo atafuna kutuluka m'dzenje mkulu wa adzukulu anawauza kuti atha kutsalamo ngati akukonda, malo alipo. Nditamasulira, aPita anaseka kwa nthawi yoyamba chichokere ku Vubwi, kenaka anadzigwira pakamwa pokumbukira pamene anali.

"Sekani," ndinawauza. "Ntchito ya awa ndi yomweyo, kuti anthu asafe ndi chisoni."

Titabwerera kumudzi tinapeza nkhani ina. AMarita anali atakhala pamphasa pakati pa amayi, miyendo atatambasula, namfedwa atawagwira dzanja. Ankalira. Osati kulengeza misozi chabe, koma kulira kwenikweni, mapewa akugwedezeka. Panja amayi awiri ankanong'onezana pafupi ndi ine.

"Mzunguyu akulira kuposa mwini maliro. Akumudziwa?"

"Paja malemu anakhalako ku Halale ali mnyamata."

"Eee! Ndiye wabwera yekha kudzaika?"

"Ndi mwamuna wake yemwe. Mtima wabwino bambo uja, mpaka kukumba nawo."

Ndinayesa kukonza nkhaniyo, koma inali itafika kale kuseri kwa nyumba. Ndikukhulupirira kuti m'mudzi umenewo ikukambidwabe.

Zoona zake aMarita anandiuza tikuchoka kumanda. Mchimwene wawo anamwalira chaka chapitacho. Pomuika panali anthu ochepa oti n'kukwana pa benchi imodzi, ndipo mwambo unatha msanga chifukwa ena ankadikira kugwiritsa ntchito chipindacho. Sanalire tsiku limenelo. Ankaona ngati palibe malo olirira.

"Mayi uja sakundidziwa," anatero, "koma sanasiye dzanja langa."

Foni ya Lakisoni inalira. Anali Mwansa. Lamba ku Chadiza kunalibe, achokera ku Chipata mawa. Iye agona m'galimoto, ife tione chochita.

Mwamwayi panali kanta, lole yaing'ono, yobweza anthu a maliro ku Katete. Tinakwezamo mabelo anga a malaya ndi zikwama za alendo. Kondakitala, mnyamata wa m'tauni wa magalasi akuda, ataona azungu anatchula mtengo wowirikiza katatu, n'kuonjezera kuti inenso ndilipire chimodzimodzi popeza ndili nawo.

"Ni sizoni, mudala. Manje vinthu vonse vakwera."

Sindinayankhe ndine. Mayi wina wonenepa wa bulauzi yoyera ya mpingo anaimirira m'lolemo.

"Iwe, bambo awa akumba manda a achimwene anga. Taona manja awo. Iwe unali kuti? Unali gone pansi pa lole. Alipira ngati ife."

Lole yonse inavomereza, ndipo kondakitala anavula magalasi. Ulendo umenewo aPita anakhala pa tayala lapadera, maondo ali m'makutu, tambala wa munthu wina ali pamiyendo pawo. Amayi anadandaula njira yonse za nyengo ya Kulamba, kuti tomato amakwera, malo ogona amakwera, ndipo achinyamata ena ayamba kuvina magule a mwambo paliponse pamene aona kamera. Mayi wa bulauzi yoyera uja ananena kuti n'zoipa kwambiri, kenaka anafunsa aMarita ngati angafune kugula madengu amene mwana wake amaluka.

Tinalowa mu Katete dzuwa likulowa. Malo amene kampani inasungitsa anali ataperekedwa kwa ena chifukwa tinachedwa. Tinayenda loji ndi loji, mabelo pamutu pa Lakisoni, amene sanadandaule ngakhale kamodzi. Paliponse yankho linali limodzi.

"Marumu yonse yali fulu, bosi. Na mu kicheni mwagona anthu."

Ndinaimbira msuweni wanga aTembo wa ku Sinda, mlimi wa thonje ndi mkulu wa mpingo. Anati tibwere. Tinakwera minibasi imene kondakitala analumbira kuti yatsala munthu m'modzi. Titakhala pansi, anthu anayi amene anali m'katimo anatsika. Anali anzake, ongokhala kuti minibasi ioneke yodzaza. APita anandiyang'ana.

"Awanso ndi akulu a makolo?" anafunsa.

"Ntchito ndi imodzimodzi," ndinatero.

Nyumba ya aTembo ili ndi matailosi, masofa ndi kanema wamkulu kuposa zenera. Alendo anasamba madzi otentha, anadya mpunga ndi nkhuku, n'kugona ngati miyala. Lakisoni sanadye. Anangondifunsa kuti, "Amalume, makina anu osokera mungaphunzitsire munthu wamkulu?" Ndinamuuza kuti agone.

Kutacha tinapeza bwalo ladzaza. Anansi anali atamva kuti kwa aTembo kwagona azungu, mmodzi wokumba manda. Anabwera ndi mafoni. Aliyense ankafuna chithunzi, wina atagwira ndevu za aPita, wina atapatsira aMarita khanda. Akazi a aTembo, amake Rute, ankayendetsa mwambo, akusakaniza Chichewa ndi Chinsenga monga amachitira anthu a kumeneko. Atatha kukonza mzere anati kwa ine, "Asuweni, auzeni ativinireko gule wa kwawo. Iwo abwera kudzaona wathu."

Ndinamasulira. Alendo anakambirana m'chinenero chawo kwa nthawi, ngati anthu ofunsidwa chinthu chimene anachisiya kalekale. Pomaliza aPita anaika dzanja m'chiuno mwa akazi awo, linalo anagwirana m'mwamba, n'kuyamba kuzungulira pang'onopang'ono pafumbi, akung'ung'udza kanyimbo.

Anthu anaonera mwachidwi, akudikira kuti guleyo ayambe. Alendo anaima n'kuwerama.

"Basi?" anafunsa amake Rute. "Ng'oma ilibe?"

"Chiuno sichigwedezeka?" anafunsa wina.

Gogo wina anali ataphimba maso ndi mpango. "Kugwirana chotero masanasana, ana akuona!"

Kenaka kunapezeka kuti foni ya amake Rute sinajambule. Anapempha kuti abwereze. Anabwereza. Wina anati dzuwa linali kumbuyo, nkhope sizinaoneke, atembenukire uku. Anabwerezanso. Mphunzitsi wina anafunsa ngati alibe zovala za makolo awo, chifukwa gule wa mwambo savina ndi nsapato za masewero. Pofika ulendo wachinayi aPita anali wefuwefu, thukuta lili kamukamu. AMarita anayamba kuseka, anaseka mpaka anakhala pansi, n'kuloza Lakisoni.

"Mayi wa chidebe uja anatilipiritsa zochepa," anatero.

Lakisoni anamwetulira mwamantha, osadziwa ngati wakhululukidwa.

Ku Mkaika tinapita pa galimoto ya aTembo, ndipo tinafika mwambo uli mkati. Fumbi, ng'oma, anthu ngati nyerere. Kutsogolo kwathu kunali nkhalango ya manja, lililonse litakweza foni, ndipo eni manjawo anali Achewa anzanga a ku Lusaka, ku Lilongwe ndi ku Tete. APita okha ndi amene ankaona bwalo chifukwa cha kutalika, ndiye ankatifotokozera ife eni mwambo zimene zinkachitika. Malaya anga anatha tsiku lomwelo. Mwansa anatipeza madzulo ndi lamba watsopano, n'kunyamula alendo ake. Potsanzikana aMarita anandigwira dzanja ndi manja awiri, monga anaonera kumaliro. Za kampani sananene kanthu, ndipo Lakisoni anakwera galimoto ngati munthu wopita kukhoti.

Patapita milungu ingapo foni inalira ndili pamakina.

"Amalume, ntchito andilemba yokhazikika!"

Alendo aja anali atalemba zonse pa intaneti, bodza lomwe, koma anamaliza ndi kunena kuti pa maulendo onse amene anayendapo, sadzaiwala tsiku limene anakhala pamaliro a munthu wosamudziwa. Ndinayamika Mulungu. Koma mawu a Lakisoni anali asanathe, ndinamva kuti akuzengereza.

"Kungoti abwana andiitana mu ofesi. Akuti anthu ambiri awerenga, ndipo akufunsa."

"Akufunsa chiyani?"

"Akuti kodi tingakonze kuti paulendo uliwonse pazikhala maliro?"

Ndinaimitsa makina.

"Iwe wayankha chiyani?"

"Ndati ndifunse kaye amalume."

"Wachita bwino. Kawauze kuti okumba alipo, oimba alipo, suti ya womwalira ndisoka ine mwaulere. Chikusowa ndi munthu wogona m'bokosi. Ngati abwanawo ali pachangu, anditumizire miyeso yawo."